Chitupa cha Zama

"Ndanena kuti mayeso amenewa ukalemba m'dzina la Zama, nkhani yatha! Kapena ndikuyankhula Chizulu choti sukumva?" A Binali anamenya tebulo mpaka masupuni anadumpha.

Anastazia anali pa sinki, manja ali thovu lokhalokha. Linali Lamulungu masana, ndipo pansi pa fulati yawo ku Berea anthu a mpingo wina ankaimba mu holo mokuwa ngati Mulungu ndi wogontha. Anatseka mpopi kuti mawu ake amveke.

"Ndamva, malume. Komatu inenso ndinalembetsa mayeso omwewo. Tsiku ndi lomwelo, holo ndi yomweyo. Munthu mmodzi ndikakhala bwanji pamipando iwiri?"

"Mpando wako udzaupeza chaka chamawa. Yunivesite sisamuka."

"Ndakhala ndikuwerenga kuyambira Januwale, malume. M'takisi ndikuwerenga, pa lanchi ndikuwerenga..."

"Hayibo, Ana!" analowererapo a Connie, akazi awo a malume, mayi wobadwira ku Joni konko amene Chichewa anachitola kwa bambo awo a ku migodi. "Wena mutu uli nawo, aliyense akudziwa. Ukalemba next year ukhoza futhi. Mara msuweni wakoyu akangoona ndime yaitali ya Chingerezi mutu umamuwawa. Sukumumvera chisoni?"

Mwini nkhaniyo, Zama, anali pa sofa akupaka utoto zikhadabo, maso ali pansi ngati akukamba za munthu wina.

Mayesowo anali olowera digiri yachiwiri, ija amati mastazi, pa yunivesite ina ya m'tauni momwemo, ndipo ankalembedwa kamodzi pachaka. Mbali yake yaikulu inali kuwerenga ndime zazitali za Chingerezi n'kuyankha mafunso wotchi ikuthamanga. Anastazia anali ndi digiri ya uphunzitsi ya kumudzi, koma ku Joni digiriyo inkakolopa zimbudzi za azungu ku Randburg. Mayeso amenewa ndiwo anali khomo lokhalo lotulukira m'zimbudzimo. Zama naye digiri anali nayo, yoipeza mokwawa, ndipo bambo ake ankafuna kuti pa khoma la pabalaza pakhale chithunzi chachiwiri cha chipewa cha ngodya zinayi.

"Chibale ndi fupa, sichiola," anatero a Binali, mawu atawatsitsa. "Ndani anakakutenga ku Park Station uli ndi kachikwama kamodzi? Ndani anakupatsa chipinda? Lero tikupempha kanthu kakang'ono, wayamba kutiwerengera malamulo?"

"Nanga akakandigwira?"

"Akugwire ndani? Chithunzi cha m'chitupa cha Zama anajambulitsa ali ndi zaka sikisitini. Uvala wigi yake, uvala magalasi ake, basi. Anthu a pakhomo paja sayang'ana nkhope, amayang'ana wotchi."

"Mukuyankhula ngati munaziyesapo kale, malume."

Kaburashi ka Zama kanagwa pansi n'kusiya dontho lofiira pa kapeti, ndipo a Connie, amene tsiku lina akanalalata mpaka dzuwa kulowa, anangoliyang'ana dontholo kukamwa kuli yasa. Pansi paja nyimbo inali itatha.

A Binali analowa kuchipinda n'kutuluka ndi buku lalikulu lothothoka chikuto. Analiponya pa tebulo.

"Kwatsala masabata atatu. Werenga ili, ndi labwino kuposa mapepala ako aja. Ndipo kuyambira lero m'nyumba muno dzina lako ndi Zama, kuti khutu lizolowere. Ukakana, msewu uwo, Berea ndi yaikulu."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Anastazia anapukuta manja n'kutenga bukulo.

Lachitatu sankapita ku Randburg, choncho ndilo linali tsiku lake lowerenga. Onse akachoka, a Binali kukayendetsa galimoto yawo ya hayala, a Connie ku saluni, Zama kwa anzake, fulati inkatsala zii, kumangomveka nkhunda pa zenera. Chipinda chake chinali chakumapeto kwa kakhonde kamdima. Asanabwere iye munkagona mtsikana wina wa lendi, Ratidzo, wa ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Malawi, amene ankati anapita ku Cape Town ndi mwamuna. Sutikesi yake inali ikadali pamwamba pa wodirobu. A Connie sankalowamo m'chipindamo ngakhale pang'ono, koma Lachisanu lililonse ankawaza mchere pakhomo pake, ati ndi mankhwala a mphemvu. Mphemvu za ku Berea zinkangodutsa pamcherepo zili nyang'anyang'a.

Atatsegula bukulo anapeza dzina m'kati mwa chikuto, lolembedwa ndi pensulo: Ratidzo Chimwaza. Pensulo yakeyo, yotsala ngati chala chaching'ono, inali yopanikizika pakati pa masamba.

Ndime za m'bukumo zinali za nkhani zoti sungacheze nazo ngakhale pa maliro: matope a pansi pa nyanja, kavinidwe ka njuchi, mikangano ya akatswiri pa zojambula za m'mapanga. Pansi pa ndime iliyonse panali mafunso, lililonse ndi mayankho asanu ofanana ngati ana a mimba imodzi. Koma m'mbali mwa masamba Ratidzo anali atalembamo tizilembo ting'onoting'ono, m'Chichewa chake cha ku mafamu.

"Yankho lili m'ndime momwemo. Usabwere ndi zako."

"Ili n'loona, koma wolemba sananene. Lisiye."

"Yankho lokoma kwambiri ndi msampha."

Anastazia anamwetulira koyamba sabata imeneyo. Mtsikanayu anali mphunzitsi weniweni. Funso limene linkamugwetsa Anastazia nthawi zonse linali lija lofunsa chimene wolemba akutanthauza koma sanachitchule. Pa funso lotero Ratidzo analemba kuti, "Ona chimene akuchizungulira osachiponda. Pamene munthu akulambalala, pali dzenje." Anayesa njira imeneyo pa ndime ya njuchi, n'kukhoza mafunso asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri. Anayamba kumukonda munthu amene sanamuonepo.

Chakumasana anafika pa ndime yatsopano, tsamba loyera lopanda cholemba chilichonse. Funso lachinayi linamuvuta, anakhala nalo mphindi khumi, kenako anapita kukateleka tiyi. Atabwerera anapeza yankho lachitatu litazunguliridwa ndi pensulo, mopepuka kwambiri. Anaima kapu ili m'manja. Mwina sanalione poyamba, maso akatopa amanama. Koma kunja dzuwa la Okutobala linkawotcha malata, pamene m'chipindamo munazizira ngati m'firiji, ndipo munkamveka fungo la mafuta odzola a kamfa amene iye sankadzola. Anayang'ana kumapeto kwa buku kumene kunali mayankho. Yankho lachitatu lija ndilo linali lolondola.

Anatenga bukulo n'kukawerengera kukhitchini. Kumeneko ndi kumene anaona masamba omalizira. Malangizo aja anali atatha. M'malo mwake m'mbali monse munadzaza siginecha imodzi, yobwerezedwa kambirimbiri, poyamba yokhotakhota, kenako yosalala: Z. Mbaraka, Z. Mbaraka, Z. Mbaraka. Mbaraka linali dzina la banja la malume ake, ndipo siginecha imeneyo ndi imene Anastazia anauzidwa kuti aziiyeserera madzulo aliwonse.

Masiku anapita, khutu linazoloweradi. Akati "Zama, mpopi ukudontha," Anastazia ankanyamuka. Akati "Zama, foni yako," ankatembenuka onse awiri, kenako Zama weniweni analeka kutembenuka. Wigi ija inkanunkha kamfa yemwe uja. Tsiku lina ku Randburg abwana ake anamuitana "Anastazia" katatu iye osamva, ndipo atazindikira anachita mantha kuposa tsiku la pensulo lija.

Lamulungu lachiwiri kunabwera mlendo. Anali Kennias, mchimwene wake wa Ratidzo, mlonda wamtali wowonda amene ankakhala ku Orange Farm. Lifiti inali itafa kalekale, choncho anafika akupuma wefuwefu atakwera nsanja zisanu ndi zinayi. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pa bondo.

"Abambo, pepani ndabweranso. Palibe chimene mwamva?"

"Mwana wanga, ndinakuuza kale," anatero a Binali. "Mlongo wako anapeza mwamuna, anapita ku Cape Town. Atsikana a masiku ano akaona nyanja amaiwala abale."

"Chaka chikukwana mwezi uno, abambo. Foni yake siilira. Ratidzo sankatha sabata osawaimbira amayi."

"Ndiye ukufuna ine nditani? Ndinali landilodi, sindinali m'busa wake."

"Amayi kumudzi sakugona. Akuti akumulota ataima pakhomo la chinyumba chachikulu, tsitsi la kumutu si lake, anthu akumufunsa dzina, iye akutsegula pakamwa koma mawu osatuluka. Maloto omwewo, mwezi ndi mwezi."

A Connie anadzuka msangamsanga kupita kubafa. A Binali anatsokomola, n'kukuwa osaganiza: "Zama! Bweretsa tiyi wa mlendo!"

"Ndikubwera, malume," anayankha Anastazia ali kukhitchini.

Atalowa ndi thireyi anapeza Kennias akumuyang'anitsitsa, kenako n'kuyang'ana Zama weniweni amene anali pa sofa pomwepo. Tiyi sanamwe. Anatsanzika, ndipo poti mlendo satuluka yekha ngati wakuba, Anastazia anamuperekeza pa masitepe. Atatsika nsanja ziwiri Kennias anaima.

"Sisi, dzina lanu ndani?"

"Anastazia."

"Nanga bwanji mwayankha la Zama?"

Anastazia anayang'ana kumbali.

"Tsiku lomaliza kumuona Ratidzo ndinabwera chonchi," anatero Kennias motsitsa mawu. "Anaitana Zama, anayankha ndi mlongo wanga. Ndinafunsa, iye anaseka, akuti ndi masewera a m'nyumba muno. Ine ndinasekanso, chitsiru ine." Anatulutsa kapepala n'kulembapo nambala. "Mukamva kanthu, ngakhale koipa, ndiuzeni. Maliro n'kulirana, sisi. Chimene chikutipweteka ife n'kusadziwa ngati tilire kapena tidikire."

Lachitatu lomaliza, kutatsala masiku atatu, a Binali anasiya chitupa cha Zama pa tebulo kuti aloweze manambala ake. Chinali kabuku kobiriwira, mtundu wakale wa zitupa za ku Joni. Ngodya yake imodzi inali yophwanyika, ndipo m'mphepete mwa masamba munali banga lofiirira limene wina anayesa kulipukuta n'kulephera.

Anastazia anakwera pampando n'kutsitsa sutikesi ija. Inali yosakhoma. Munali madiresi opindidwa bwino, nsapato za kutchalitchi zokulungidwa m'nyuzipepala, botolo la mafuta a kamfa, pasipoti, ndi satifiketi ya digiri m'pulasitiki yake. Anakhala pansi zinthuzo zitamuzungulira, n'kuyamba kuwerenga nyumba ya malume ake monga ankawerengera ndime. Wolemba wanena kuti mtsikana anapita ku Cape Town. Koma ndani amapita kwa mwamuna n'kusiya mafuta ake odzola? Mlendo wa dziko lino ndani amayenda n'kusiya pasipoti? Ndipo munthu amene ali moyo ku Cape Town samuwazira mchere pakhomo.

Chitseko chakunja chinalira. Anali Zama, atabwerako msanga. Anafika pakhomo la chipinda n'kuima kuseri kwa mzere wa mchere, maso ali pa sutikesi.

"Ana, wenzani? Ukutani? Daddy akakupeza..."

"Msuweni, ndithandize funso limodzi, poti ndikulembera iwe mayeso. Chaka chatha sunalembe chifukwa chiyani?"

"Ndinadwala."

"Unadwala. Nanga chitupa chako chinapita kuti tsiku limenelo, kuti chibwere ndi banga ili?"

"Angazi, sindikudziwa. Ndisiye."

"Zama, Loweruka ndikunyamula chitupa chimenechi ndi ine. Ndikuvala wigi imene anavala mnzanga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Undiuze kumene ndikupita."

Zama anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa khonde. Analira kaye nthawi yaitali, kulira kosatulutsa mawu, ndipo atayamba kuyankhula ankayang'ana zikhadabo zake.

"Ratidzo anachoka seveni koloko m'mawa, wapansi, kukakwera takisi. Anali atavala jekete yanga. Pa maloboti a kumunsi kuja, podumpha msewu, takisi inamugunda. Ine ndinali muno, ndinauzidwa kuti ndisatuluke tsiku lonse kuti anthu asandione. Cha m'ma leveni kunagogoda apolisi awiri, adiresi anaipeza kumbuyo kwa chitupa. Ndinatsegula ndine. Akuti, tikufuna abale a Zama Mbaraka. Ndinati, ndi pano. Akuti, pepani sisi, Zama wamwalira." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Eish, Ana. Anandiuza ine, maso ndi maso, kuti ndafa."

"Ndiye malume anatani?"

"Anapita ku mochale. Anamuvundukula, anamuyang'ana, n'kunena kuti uyu si mwana wanga, mwana wanga ali kunyumba, chitupa chinabedwa sabata yatha. Anamufunsa kuti nanga uyu mukumudziwa? Daddy anati never, sindinamuonepo. Anasaina, anatenga chitupa, anabwera kunyumba n'kudya."

"Ndipo Ratidzo?"

"Anakhala mufiriji miyezi, palibe anabwera. Mama anamva kuti anthu otere boma limawaika lokha, pamanda pake amangoikapo nambala. Kuyambira tsiku limenelo munthu akaitana Zama, sindidziwa ngati akuitana ine kapena iye. N'chifukwa chake ndinasiya kuyankha. Ndinasangalala dzinalo atakupatsa iwe, Ana. Sorry. Ndinasangalala."

Anastazia anafuna kumumenya, anafunanso kumukumbatira, ndipo sanachite chilichonse mwa ziwirizo. Munthu anakhala m'nyumba muno, anatsuka mbale pa sinki yomweyi, anafera mwana wa eni nyumba, ndipo malipiro ake anali mawu amodzi, sindinamuonepo. Chitseko cha wodirobu, chimene chinali chotseka, chinatseguka chokha pang'onopang'ono chikulira. Zama anadzuka n'kuthawira kubalaza. Anastazia sanathawe. Anatenga pasipoti ndi satifiketi ya Ratidzo n'kuziika m'chikwama chake pamodzi ndi zake.

Loweruka m'mawa a Binali anati amuperekeza okha pa galimoto. A Connie anamuveka wigi, n'kumuthira kamchere m'thumba la jekete. Zama sanatuluke m'chipinda.

"Chikwama chonsecho n'cha mayeso?" anafunsa a Binali polowa m'galimoto.

"Muli mabuku, malume."

Misewu inali yofiirira ndi maluwa a jakaranda. Atatsala pang'ono kufika pa maloboti a kumunsi, a Binali anakhotera kumanzere n'kulowa kanjira kokhala ndi maenje, kozungulira kutali.

"Malume, bwanji mwausiya msewu wachidule?"

"Pali trafiki."

"Loweruka m'mawa? Buku munandipatsa lija likuti pamene munthu akulambalala pali dzenje. Mwakhala mukulambalala maloboti amenewo chaka chathunthu."

Galimoto inagwedezeka. A Binali anaiimika m'mbali mwa msewu, pafupi ndi geti la yunivesite, n'kuzimitsa injini. Sanamuyang'ane.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe anafunika kundiuza. Zonse zinali m'nyumba mwanu momwemo, sutikesi, mchere, banga la pa chitupa. Ine ndangowerenga."

"Ndiye wawerenga, wakhoza, ukufuna mendulo? Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ndikanati ndikumudziwa, akanafunsa kuti chitupa cha mwana wanga chimatani m'chikwama mwake pa tsiku la mayeso. Ndikanamangidwa ine. Zama akanamulanda ndi digiri yoyamba yomwe. Banja lonse likanagwa chifukwa cha munthu woti wapita kale. Sindinamugunde ine! Wakufa alibe nalo ntchito dzina."

"Amayi ake ali nalo ntchito. Kennias akukwera masitepe anu kudzafunsa za mlongo wake, inu n'kumamupatsa tiyi."

"Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Uli m'dziko la eni, iwe."

"Ndi chifukwa chake ndikufunsa, malume. Lero takisi ikandigunda ine chitupa ichi chili m'thumba, mukakandivundukula mukati chiyani? Mukawauza chiyani amayi anga ku Balaka? Cape Town?"

A Binali anayang'ana kutsogolo, manja ali pa chiwongolero. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu lawo. Anastazia anadikira, ndipo mumtima ankafunitsitsa kuti malume ake aname, anene kuti iwe ndi magazi anga, sindingakukane. Sananene. Kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa zonse zimene anamva kwa Zama.

Anavula wigi n'kuiika pa dashibodi. Anavula magalasi ndi jekete. Pamwamba pake anaikapo kabuku kobiriwira kaja.

"Ukalowa mmenemo ndi dzina lako, kunyumba kwanga usapondeko," anatero a Binali. "Katundu wako ukampeza pa msewu."

"Katundu wanga ndi uyu ndanyamula. Mlandu suola, malume. Tsalani bwino."

Pakhomo la holo panali mzere wautali. Mayi wa pa tebulo sanadzutse n'komwe mutu.

"Name?"

Anastazia anatsegula pakamwa, ndipo kwa kamphindi mawu sanatuluke. Dzina limene linafika pa lilime linali la Zama. Analimeza, n'kugwira pasipoti yake ndi manja awiri.

"Anastazia Likoswe."

Mayiyo anachonga pa pepala n'kumulozera mpando. Malume ananena zoona, nkhope sanaiyang'ane.

M'holomo munali anthu mazana, aliyense pa desiki yake. Mizere iwiri kutsogolo kwake kunali desiki imodzi yopanda munthu, kapepala ka dzina la Zama Mbaraka katamatidwa pakona. Mpando wake unali utakokedwa pang'ono, ngati pali amene wakhalapo. Belu litalira onse anawerama. Anastazia anatulutsa kapensulo ka Ratidzo n'kulemba dzina lake lonse pamwamba pa pepala, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo.

Ndime yoyamba inali ya mitengo ya m'zipululu, yachiwiri ya malonda akale a nsalu. Pamene funso linamuzunguza, ankamva malangizo aja m'mutu mwake, lisiye ili, ili ndi msampha, bwerera m'ndime. Kawiri konse fungo la kamfa linamudutsa, ndipo kawiri konse anadzutsa mutu n'kuona desiki ija ili yokhayokha. Sanachite mantha. Anamaliza kutatsala mphindi zinayi.

Atatuluka, galimoto ya malume inali itapita. Kumene akagone sankadziwa, ngati wakhoza sankadziwanso. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa jakaranda, Kennias anali ataima ndi yunifolomu yake ya ulonda. Anastazia anali atamuimbira dzulo lake ali ku Randburg, n'kungomuuza malo ndi nthawi.

Anadumpha msewu mosamala, atayang'ana uku ndi uku kawiri. Atafika anagwada pang'ono monga achitira kumudzi popereka uthenga wa maliro, n'kutulutsa pasipoti, satifiketi ndi kapensulo kaja. Kennias anaziyang'ana zinthuzo nthawi yaitali asanazilandire. Anavula chipewa.

"Sali ku Cape Town, eti sisi?"

"Ayi, achimwene. Ali konkuno ku Joni. Sanachokemo."

"Mukudziwa pamene ali?"

"Pamene ali sindikudziwa, koma ku mochale amasunga zithunzi ndi manambala a anthu amene anasowa abale. Tsiku ndikulidziwa, maloboti ake ndikuwadziwa. Zinazo ndikuuzani m'njira, ndipo ndikazinenanso kupolisi ngati mufuna."

Kennias analira ataimirira, mapewa akugwedezeka, ophunzira akudutsa m'mbali akukambirana za funso la nambala naini. Atatha anapukuta maso ndi chipewa, n'kumulandira chikwama chija.

"Ndiye tikanena chiyani kumeneko?"

"Akhala akumufunsa chaka chathunthu, iye osatha kuyankha," anatero Anastazia. "Tiyeni tikawauze dzina lake."